Ndinakwecha Chitsulo Mpaka Mphamvu Kutha

Lachitatu lapitali ndinayamikiridwa pamaso pa abwana anga chifukwa cha chinthu chimene ndinawononga ndi manja angawa. Zinakuchitikiranipo inu? Ine ndinayang'ana pansi monga ndimachitira masiku onse, koma ulendo uno pansi sipanandithandize.

Ndiyambe bwino, kuti nanunso musasokonezeke ngati mmene ndinasokonezekera ine.

Amene mumawerenga danga lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti ndakhala ndili pa mwezi woyesedwa ku ofisina ya zitsulo kuno ku Chimadzi. Mwini wake ndi Mestre Bonifasiyo, bambo wamfupi, wa ndevu zochepa ndi mawu ochepa, mmodzi mwa aja anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Jeremani nkhondo ili mkati kuno. Tsiku londilandira sanazungulire. Anati, "Mwezi umodzi, rapazi, mnyamata iwe. Loweruka lomaliza ndidzakuuza ngati ukhala, kapena ukwera kamiyau kubwerera ku Tsangano kukakumba mbatata."

Ku Tsangano ndilibe nako mlandu, ndi kwathu. Koma amayi anauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo Lusiyano akuphunzira zitsulo ku Tete. Munthu wolengezedwa m'tchalitchi amabwerera bwanji ndi kathumba kake patangotha mwezi? Loweruka lomalizalo linali la sabata yomweyi. Choncho kuyambira Lolemba ndinkayenda m'ofisinamo ngati ndanyamula mazira a eni.

Ntchito ya sabatayo inali ya mijigo iwiri ya ku Chingodzi, kumene kwamanga mabanja ambiri obwerera kuchokera ku Malawi. Madzi a kumeneko amabwera ndi mchenga. M'kati mwa mjigo muli ndodo yachitsulo, yotalika ngati mkono, imene imakwera ndi kutsika mukamapopa, ndipo mchengawo umaidya pang'onopang'ono mpaka mjigo uyamba kutulutsa mphepo yokha. Zikatero amayi amabwereranso kumtsinje ndi zidebe. Wapampando wa komiti ya mijigoyo, mayi Nambewe, ndiwo anabweretsa ndodo zakuthazo, nati akufuna zina zoti zisadyekenso.

Mestre anasema ndodo ziwiri zatsopano za inokisi, chitsulo chija sichichita dzimbiri, chimene mumachiona pa masupuni abwino. Ine ndinkayesa kuti chitsulo chosachita dzimbiri ndiye cholimba kuposa zonse. Mestre anaseka.

"Inokisi ndi mwana wa m'tauni," anatero. "Mvula saiopa, amakhala woyera nthawi zonse. Koma mukhule ndi mchenga uone mmene alilire. Khungu lake ndi lanthete."

Mankhwala a khungu lantheteli ali kuseri kwa ofisina. Kuli ng'anjo yamagetsi imene Mestre anamanga yekha ndi njerwa, ndipo m'kati mwake muli mphika wachitsulo wotsekeka bwino. Pambali pali chibotolo chachitsulo cha mpweya wotchedwa amoniyako, chimene anachipeza ku fakitale yakale ya madzi oundana. Fungo lake musandifunse. Ganizirani khola la mbuzi limene silinaseseredwe chiyambire nkhondo. Ndodo zimalowa mumphika muja, ng'anjo imatenthetsedwa, mpweya umalowetsedwa pang'onopang'ono kwa tsiku lathunthu. M'kutenthamo mpweyawo umamasula nitrojeniyo, yemwe uja ali mu feteleza wobiriwitsa chimanga. Iyeyo amalowa m'khungu la chitsulo, nakhazikika m'timipata take, khungulo n'kuuma gwa, pamene m'kati mukhalabe mofewa kuti ndodo isathyoke. Moto ukachepa, palibe cholowa. Moto ukachuluka, inokisi amaiwala kuti ndi inokisi, n'kuyamba dzimbiri ngati khasu. Mestre amaitcha ntchitoyi nitrurasau. Liwu limeneli ndinalilemba katatu m'kope langa kuti ndisalakwitse.

Mestre salankhula zambiri, koma pafupi ndi ng'anjo lilime lake limamasuka.

"Ku Jeremani," anandiuza, "zina mwa zitsulo zimene tinkaphika chonchi zinkapita ku nyumba zopangira magetsi a atomu. M'menemo muli cheza chosaoneka ndi maso, radiyasau. Chimalowa m'chitsulo ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Kunja uona ngati zonse zili bwino, m'kati chatupa, chayamba kung'aluka. Mainjiniya ankati khungu ili limathandiza kuti chitsulo chipirire nthawi yotalikirapo."

"Munalowamo m'nyumba zimenezo, Mestre?"

"Ine? Ine ndinali wa pa ng'anjo, rapazi. Nyumba ya atomu ndinaiona pa kalendala ya mu ofesi ya abwana."

Tsono mvetserani pamene panayambira tsoka langa. Inokisi ali ndi kamalaya kake kosaoneka, kamene kamamutchinga ku dzimbiri, ndipo kamalaya komweko kamatchinganso mpweya kuti usalowe. Choncho ndodo isanalowe mung'anjo imafunika kukwechedwa bwinobwino ndi lisha, pepala lija la mchenga. Lolemba m'mawa ntchito imeneyi inapatsidwa kwa ine. Ndinakwecha ndi mtima wonse, osasiya ngakhale pamene pangatere ntchentche. Mestre anatembenuza ndodozo m'manja, naziyang'ana pa dzuwa.

"Manja awa akudziwa kukwecha. Anakuphunzitsa ndani?"

"Amayi, Mestre. Mapoto, ku kampu ya othawa nkhondo."

"Hmm. Anaphunzitsa."

Owerenga anga, m'mwezi wonse uja awa anali mawu oyamba okoma kutuluka m'kamwa mwa bambo ameneyu. Ndinawasunga m'tsaya ngati siwiti, tsiku lonse osafuna kuti asungunuke. Ndinati mumtima: basi, ndapeza khomo lolowera. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndimatha pa dziko lino, ndicho kukwecha.

Lachiwiri masana ndodo zinatuluka. Zinalowa zowala, zinatuluka zotuwa mbuu, ngati miyendo ya mwana wosewera paphulusa. Nthawi yomweyo Mestre anaitanidwa ku Moatize kukaona makina ena. Akukwera njinga anangoti, "Zikazizira uzipukute. Mawa m'mawa a Nambewe abwera kudzatenga."

Ndinatsala ndekha ndi ndodo ziwiri zonyansa.

Ndinapukuta ndi nsalu. Zotuwabe. Kwathu mlendo sumupatsa chiwiya chamwaye, kuli bwanji mlendo amene wayembekeza sabata yathunthu? Ndinatenga lisha. Lisha anangoterereka ngati ndikukhula botolo, pepala n'kutha, ndodo ili chikhalire. Apa munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa kuti, kodi dzulo chitsulo chomwechi chinkamvera, lero chakana bwanji? Munthu wanzeru akanadikira mwini ntchito. Paja akuti safunsa anadya phula. Koma ine ndinangoti mwaye wa chijeremani ndi wouma mutu, tiona amene atope.

Ndinayatsa gudumu lonolera.

Sindinagwirepo ntchito yolimba chotero. Ndodo inkakana, gudumu linkalira, thukuta linkalowa m'maso, ndipo mukudziwa nonse kuti dzuwa la ku Tete silichitira chifundo munthu wokhala pansi pa malata. Koma pang'onopang'ono kutuwa kunayamba kugonja. Pofika ma ora sinku, faivi koloko madzulo, ndodo yoyamba inali kunyezimira moti ndinaona mano anga momwemo, ndipo ndikuuzeni zoona, mano amenewo anali akumwetulira. Ndinatenga yachiwiri. Ndisanaigunditse pa gudumu, magetsi anathima, monga amachitira kuno kwathu kumene amapangidwira.

Ndinakwiya nawo magetsiwo. Lero ndikanadziwa amene anawathimitsa ndikanamutengera nkhuku.

Lachitatu ndinalawirira kuti ndimalize yachiwiri, koma magetsi anali asanabwere. Poona kuti kunsonga kwa ndodo yowala kwatsala kachitsulo kobaya, ndinatenga tupa kuti ndikachotse. Tupa inaluma bwinobwino, tizidutswa n'kugwa pa tebulo. Kenaka, sindidziwa chifukwa chake, ndinayesa tupa yomweyo pa ndodo yotuwa ija. Inaterereka ndi kulira kuti ngwee, osasiya ngakhale kachizindikiro.

Ndinayesanso yowala. Inaluma. Yotuwa. Ngwee.

Ndinakumbukira kuti ndinaonapo Mestre akuyesa ntchito ina mwa njira yomweyi, akung'ung'udza kuti tupa ikaluma ndiye kuti ng'anjo yapita pachabe. Kutuwa kuja sikunali mwaye. Kunali khungu lenilenilo, lopyapyala kuposa khoko la anyezi, limene tinaliphikira tsiku lathunthu ndi mpweya wosowa uja. Mwina Mestre ananena za kupyapyala kwake ine ndili kalikiliki kulemba liwu lija katatu. Ine ndinatha masana onse kusenda mphamvu ya ndodo, mpaka kuibwezera ku unthete wake wakale, n'kuiwonjezera kuwonda.

Ndisanaganize kobisala, pakhomo panamveka mawu awiri. Mestre anali atakumana ndi a Nambewe panjira.

A Nambewe ndi mayi wamtali wa ku Angónia, wa mawu omveka kutsidya kwa mlatho. Akuti ku kampu ndiwo ankaimika mzere wa pachitsime, ndipo ngakhale amuna ankauima mowongoka. Asanamalize n'komwe moni, maso awo anagwera pa tebulo.

"Eee! Iyi ndiye ntchito!" Ananyamula ndodo yowala ija ngati khanda. "Taonani, mpaka ndikudziona! Mestre, wachita izi ndani? Musandinamize kuti ndinu, inu ndi ndevu zanuzo."

"Si ine, mayi," anatero Mestre. Anayang'ana ndodo. Anayang'ana gudumu lonolera. Anayang'ana ine. Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa.

"Ndi kamnyamata aka? Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Tsangano, mayi."

"Ndinadziwa! Ana a kumtunda amaleredwa. Akanakhala a kuno kuchigwa bwenzi atandipatsa ndi mwaye womwe." Anatola ndodo yotuwa ndi zala ziwiri. "Ngati iyi. Iyi mwaitani, Mestre? Mwaiwotcha ngati chinangwa? Mverani, ndatenga yowalayi. Tiika pa mjigo wa kusukulu, poti Lachisanu kukubwera alendo odzaona ntchito zathu. Inayi mwanayu aimalize, ndidzatuma munthu."

Mestre anakanda ndevu. "Mufunseni mwini ntchito, mayi. Lusiyano, tiwapatse?"

Tsono ndithandizeni kuganiza, inu amene munaleredwa ngati ine. Kwathu munthu wamkulu akamakuyamikira sumudula mawu. Kwathu wantchito sachititsa manyazi nyumba ya abwana ake pamaso pa mlendo. Kuti Mestre wadziwa, zimenezo ndinaziona. Chimene sindinadziwe n'chakuti akufuna chiyani: ndimusungire ulemu, tidzakambirane awiri mlendo atapita, kapena ndidzipachike ndekha pomwepo? Ndikanangoti inde, a Nambewe akanapita akuimba. Ndodoyo ikanagwira ntchito Lachisanu, alendo akanaomba m'manja. Mchenga ukanayamba ntchito yake mwakachetechete, ndipo pofika nthawi yoti mjigo utulutse mphepo, ndani akanakumbukira kamnyamata ka ku Tsangano?

Ndinamva mawu anga akutuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye.

"Mayi, yowalayo ndi yowonongeka."

"Ati chiyani? Lankhula ngati wadya, mwanawe."

"Yowalayo ndi yowonongeka, mayi. Ndaiwononga ndine. Yabwino ndi yotuwayo."

A Nambewe anayang'ana Mestre. "Dzuwa lamulowa m'mutu?"

Mestre anangokankhira tupa kwa ine ndi chala chimodzi. Ndinaonetsa: yowala, tizidutswa pa tebulo, yotuwa, ngwee. A Nambewe anandilanda tupayo, nakwinya kapulana, chitenje chawo chija, nayesa okha. Anakanikiza ndi mphamvu zonse za mayi wopopa mjigo. Tupa inaterereka mpaka anatsala pang'ono kugunda chigongono pa khoma.

"Haa! Ndiye kuti yonyansayi ndiye mwamuna?"

Apa Mestre anatsegula pakamwa, nafotokoza za khungu, za mpweya, mpaka anafika ku Jeremani ndi nyumba za atomu, ndi cheza chija chimadya chitsulo mosaoneka.

"Mestre," anamudula a Nambewe, "ku Chingodzi kulibe atomu. Kuli mchenga, ndi amayi a manja olemera amene amapopa ngati akumenya mwamuna wa mnzawo. Khungu lanulo lipirira zimenezo?"

"Ngati linapirira tupa m'manja mwanu, mayi, lipirira."

Anaseka, koma kuseka kunatha msanga. Anakhala pa benchi, ndodo yotuwa ili pamiyendo.

"Vuto langa simukulidziwa inu. Ndikafika nayo iyi, amayi aja akati Nambewe wapita m'tauni kukatola chitsulo chakale kudzala. Akati anamupusitsa, kapena wapusitsa ife. Ndikawauza kuti ili ndi khungu la ku Jeremani, ndiye akandiseka mpaka Khirisimasi." Anaganiza pang'ono. Kenaka anakulunga ndodo zonse ziwiri m'kapulana, naikamonso tupa.

"Tupa yangayo, mayi!" anatero Mestre.

"Ibwera. Ndikufuna aliyense wa pakamwa potalika akayese yekha. Yowalayi muli nayo ntchito?"

"Yawonda. Tisema ina."

"Basi, ikhala yophunzitsira." Atafika pakhomo anatembenukira kwa ine. "Iwe wa ku Tsangano. Wanena zoona, ndakumva. Koma udziwe kuti amayi a mjigo wachiwiri sabata inonso apita kumtsinje chifukwa cha ukhondo wakowo. Usaganize kuti ndakuyamikira kawiri."

Anapita. Mestre anangopita kuseri kukagwedeza chibotolo cha mpweya, akumvetsera ndi khutu ngati munthu woyesa dzira.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyenda m'tauni muno ndi maso ena, ndipo ndapeza kuti okwecha ndife ambiri.

Taonani zimene timachita tikamva kuti kukubwera alendo. Miyala ya m'mbali mwa msewu imapakidwa laimu. Mitengo imavekedwa masokosi oyera mpaka m'maondo. Khoma la kumaso limapakidwa utoto, mabowo a zipolopolo n'kutsekedwa ndi dothi, pamene la kuseri lang'aluka moti mbuzi ikhoza kulowa osawerama. Ndinaona kalasi ina yatsopano, yokongola ngati keke yaukwati, koma mphunzitsi anandinong'oneza kuti mvula ikayamba ana amasunthira kona imodzi. Wogulitsa njinga amapaka mafuta ophikira pa mawilo. Wogulitsa tomato, mlongo wanga wa ku Angónia, mukudziwa nokha amene amakhala pamwamba pa mulu ndi amene amabisala pansi.

Ndipo tisanamizire ogulitsa okha. Ogulafe ndife timayambitsa. Mmisiri akatipatsa chinthu cholimba koma chotuwa, timakwinya mphuno. Akatipatsa chonyezimira, timamuitana kuti adzadye kwathu. Nanga iyeyo ndi wopusa kuti asaphunzire chimene timakonda? Akulu anatichenjeza kalekale za chikomekome cha nkhuyu, koma ife nkhuyuyo timaigulabe, nyerere n'kukazipezera kunyumba.

Komabe sindikufuna kunyoza kuwala, chifukwa ndikudziwa kumene kunachokera. Amene tinakhala ku kampu tikukumbukira. Nyumba sinali yako, munda sunali wako, ngakhale chakudya chinkabwera ndi dzina la wina pathumba. Chimene chinali chako ndi poto mmodzi ndi mbale ziwiri. Mayi akakwecha poto uja mpaka kuwala, n'kumuyanika pa thandala pamene aliyense aone, ankanena kuti: tathawa, inde, koma sitinafe, ndipo sitiri auve. Kuwala kunali ulemu umene unatitsalira. Sindidzaseka mayi aliyense chifukwa cha zimenezo.

Kungoti tsopano tabwerera. Zimene tikumanga lero si zoyanika pa thandala kuti anansi aone. Ndi mijigo, milatho, madenga, zinthu zoti mchenga ndi dzuwa ndi manja olemera zizilimbana nazo tsiku ndi tsiku, alendo atakwera kale ndege pa bwalo la ku Chingodzi. Anthu a ku nyumba za atomu aja, kumene kulakwitsa kumapha mudzi wonse, amavomera chitsulo chotuwa chifukwa amachifunsa funso limodzi lokha: upirira? Ife pa mjigo wa ana athu tikufunsa kuti: ukuoneka bwanji pa chithunzi?

Mwina ndalankhula mopitirira msinkhu wanga. Mundikhululukire, akuluakulu. Munthu amene wangowononga ndodo ya eni sayenera kukwera pa chulu. Ndibwerere ku mlandu wanga.

Lachinayi Mestre anasema ndodo ina. Anandiponyera lisha osandiyang'ana. Ndinakwecha, poti nthawi yake yokwecha inali imeneyo. Ndodo inalowa mung'anjo. Mpweya unali utatsala wochepa, moti Mestre ankatsegula pang'onopang'ono ngati mayi wothira mchere womaliza. Tsiku lonse sanandilankhule, kupatula "choka apo" kamodzi ndi "bweretsa madzi" kawiri. Lachisanu chimodzimodzi. Ine ndinayamba kufunsa mwakachetechete kuti makamiyau a ku Tsangano amanyamukira pati masiku ano, ndiponso kukonza mawu okauza amayi. Ndinaganiza zonena kuti kutentha kwa ku Tete sikunandiyanje. Si bodza lenileni.

Loweruka m'mawa tupa inabwerera, itakulungidwa m'pepala, pamodzi ndi uthenga wa a Nambewe wakuti mjigo wa kusukulu ukutulutsa madzi, ndipo amayi asanu ndi awiri ayesa tupa, mmodzi wathyola chikhadabo. Mestre anaiyang'ana tupayo mano ake, napukusa mutu. Kenaka anatulutsa ndodo yatsopano, yozizira, yotuwa mbuu ngati inzake, naiika pa tebulo patsogolo panga.

"Yesa."

Ndinayesa. Ngwee.

"Tsono uchita nayo chiyani?"

"Ndiipukuta ndi nsalu, Mestre."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Ukaona kuti sikuwala?"

"Ndikhala pa manja anga mpaka mubwere."

Ndevu zinagwedezeka pang'ono. Sindinganene kuti kunali kuseka, koma kunali m'dera lomwelo. Anapita pa gudumu lonolera, natulutsa loko m'thumba, nakhoma pa switchi yake, kiyi n'kumangirira pa lamba.

"Uitengere ku Chingodzi ndodoyi. Wapansi, kuti ukaone mtunda umene amayi aja ayenda sabata ino. Lolemba ma ora seti m'mawa usachedwe."

Ndinaima ngati chitsa. "Ndiye kuti... ndikhala, Mestre?"

"Waulesi akawononga ndimamuthamangitsa, poti mawa adzawononganso. Iwe unawononga ndi khama. Wotere amangofunika kumuuza poimira." Anatola chipewa chake. "Komanso unatsutsa a Nambewe ali m'kati mokuyamikira. Ine ndagwira nawo ntchito zaka zitatu, sindinayesepo."

Ndinafuna kuthokoza bwinobwino, ndi mawu onse amene ndinaphunzira kusukulu, koma anali atatuluka kale.

Ndodo ndinakapereka. Mlatho ndinawoloka wapansi, dzuwa lili pamutu, ndipo mtundawo ndinauona. Pofika, amayi a mjigo wachiwiri anailandira ndodo yotuwayo osakwinya mphuno ngakhale mmodzi. Mmodzi wa iwo anaigogoda ndi mwala, namvetsera, nati, "Ndi yomweyo." Kenaka anandifunsa ngati ndine mnyamata waukhondo uja, ndipo onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Dzina limenelo ndikuona kuti landikanirira.

Ndamva kuti mwezi uno m'mabairo angapo a m'tauni muno mukulandira makiyi a zinthu zatsopano, kwina kalasi, kwina chitsime, kwina kanyumba ka chipatala. Mudzavala bwino, mudzaimba, mudzaomba m'manja, ndipo n'koyenera, poti tadikira nthawi yaitali. Ine ndingofunsa mwaulemu, monga mwana: pa gulu lonselo, ndani adzabwere ndi tupa m'kapulana?